Za udalaivala wa pa ejensi kuno ku UK, kwa inu mwangofika kumene

Alamu anga afika kuno posachedwapa, atsatira achemwali anga omwe ndi namwino. Kumudzi ayendetsa mathiraki zaka zambiri, ya ku Beira, ya ku Durban, ya ku Dar es Salaam, njira zonsezo anazipondaponda. Sabata yatha anandiimbira mawu ali m'mwamba: "Alamu, ndaona akufuna madalaivala, £19 pa ola, akuti kuyamba mawa lomwe. Ndiyambire pati?" Ndisanawayankhe n'komwe, pagulu lathu la WhatsApp panatuluka nkhani ya mnyamata wina amene makolo ake anagulitsa puloti kuti alipire munthu wowalonjeza visa ya udalaivala, lero munthuyo foni sakuyankha. Ndiye ndati ndilembe kamodzi aliyense awerenge, chifukwa kufotokozera mmodzimmodzi pa foni kwanditopetsa.

Choyamba ndi visa, ndipo apa sindipita m'mbali. Kuyendetsa thiraki sikuli pa mndandanda wa ntchito zimene kampani ingakuitanireni pa Skilled Worker visa. Ejensi ndiye musaiwerengere n'komwe, malamulo a Home Office salola kuti munthu akutengereni visa n'cholinga choti azikubwereketsani kumakampani ena. Boma linatsegulako khomo mu 2021, nthawi ija katundu ankasowa m'masitolo ndipo anthu ankalimbirana mafuta pamapampu. Linalengeza mavisa 5,000 a madalaivala, a miyezi yowerengeka chabe, ndipo anatha kumayambiriro kwa 2022. Madobadoba akuyendabe ndi zithunzi za nkhani zakalezo, n'kumaonetsa anthu kumudzi ngati zatuluka dzulo. Amene muli pa visa ya care, maola 20 owonjezera aja si oti muzigwira ntchito iliyonse imene mwaikonda, ndipo thiraki siili m'gulu la zololedwa. Ana a sukulu, maola anu sapitirira 20 pa sabata sukulu ikakhala yotsegula, pamene shifiti imodzi ya thiraki imatha kudya maola 12, komanso simuloledwa kugwira ngati self-employed. Amene khomo lawatsegukira ndi monga alamu angawa obwera ngati dependant, a spouse visa, a Graduate visa, ndi amene muli ndi mapepala okhazikika. Zobwereka dzina la mnzanu musaziyese. Khadi la tacho, kachipangizo ka m'thiraki kolemba maola amene mwayendetsa, lili ndi chithunzi cha mwiniwake, a DVSA, oyendera mathiraki a boma, akakuimitsani pamsewu mwadziphera nokha, mwapheranso mnzanuyo.

Komanso lamulo la 1973 limaletsa ejensi kukulipiritsani ndalama kuti ikupezereni ntchito. Ejensi imadya kwa kampani imene yabwereka dalaivala, osati kwa inu. Aliyense wonena kuti perekani ya fomu, ya kulembetsa, ya kuti dzina lanu likwere pamwamba, ameneyo ndi kathyali, ngakhale atakhala wa mpingo umodzi ndi inu.

Chachiwiri ndi laisensi. Ya ku Malawi imakulolani kuyendetsa galimoto yaing'ono miyezi 12 yokha, ndipo siisinthidwa kukhala ya kuno. Amene munadzera ku Joni n'kutenga ya ku South Africa, kapena ya ku Zimbabwe, imasinthidwa inde, koma ya galimoto yaing'ono basi, makodi a thiraki aja amatsala. Ndiye kuti munthu woti wawoloka Zambezi ndi matani 30 kangapo konse amayambiranso pansi: mayeso a galimoto yaing'ono, kupimidwa ndi dokotala pa fomu ya D4, provisional ya thiraki, mayeso a pa kompyuta, kubwerera chammbuyo pabwalo, kuyendetsa pamsewu, n'kumalizira ndi Driver CPC, chiphaso chokulolani kuyendetsa thiraki ngati ntchito. Kuchokera mu Novembala 2021 mungathe kulunjika pa C+E, ya thiraki yokoka ngolo imene anthu amati Class 1, osadzera pa Class 2 ya thiraki yopanda ngolo. Zonsezi zimadya mapaundi masauzande angapo. Ndipo musanalipire sukulu, pitani mukaone ndi maso anu kuti ali ndi bwalo ndi mathiraki awoawo. Pali ena pa intaneti amene alibe ngakhale tayala limodzi, ntchito yawo n'kulandira ndalama zanu zonse pasadakhale n'kukugulitsani kusukulu ina, tsiku la maphunziro n'kumangolisuntha. CPC ija siithera pomwepo, zaka 5 zilizonse pamafunika maola 35 a maphunziro, ndipo kuyendetsa opanda iyo chindapusa chimafika £1,000. Wolembedwa ndi kampani nthawi zambiri amamulipirira, n'kumulipiranso tsiku limene wakhala m'kalasi. Wa pa ejensi kawirikawiri umatulutsa za m'thumba mwako, tsikulo n'kulitayanso.

Mukapambana ndiye mumakumana ndi khoma lenileni. Makampani ambiri amafuna munthu woti wayendetsa kuno zaka ziwiri, ena amatinso akhale wa zaka 25 kupita m'tsogolo, ati inshuwalansi yawo ndi imene imafuna choncho. Zaka zanu za ku Mwanza ndi ku Nyamapanda saziwerenga, mukhale ndi makalata a mabwana anu akale kaya ayi. Apa m'pamene ejensi imakulandirani ndi manja awiri, ndipo sindinama, ambiri tinalowera pamenepa chifukwa khomo lina panalibe. Kuzungulira Daventry, Magna Park ku Lutterworth, m'mbali mwa M1 ndi M6, ndi ku doko la Felixstowe, ntchito imapezeka. Koma mulowe mukudziwa kuti ndi ganyu. Mwini munda amakuitanani udzu ukamukulira, akamaliza kupalira sakudziwani, ndipo khasu likathyoka mlandu ndi wanu.

Tsopano za £19 ija, ndipo apa ndichedwapo chifukwa m'pamene ambiri amatidyera masuku pamutu. Mukaona chiwerengero pa chilengezo, funso loyamba likhale lakuti, "Kodi imeneyi ndi PAYE kapena umbrella?" Pa PAYE ejensi ndiyo imakulipirani, ndipo msonkho umene wolemba ntchito amayenera kupereka kuboma imatulutsa payokha. Pa umbrella, ejensi imapereka ndalama yonse kwa kampani ina yapakati, imene imakhala ngati bwana wanu papepala, ndipo zonse zimene bwana amayenera kulipira zimachotsedwa mu £19 momwemo musanaione. Tiyerekeze kuti mwagwira maola 45. Pa £19 ndi £855, ndipo ndiyo imene mwauza kale akumudzi. Umbrella imayamba yadula yake, tinene £25 pa sabata. Kenako National Insurance ya bwana, imene kuchokera mu Epulo 2025 ili pa 15%, ndi kena kotchedwa Apprenticeship Levy ka 0.5%. Ziwirizi pamodzi ndi pafupifupi £100. Zatsala £730. M'kati mwa £730 muli ndalama yanu ya tchuthi, 12.07%, pafupifupi £80, imene ena amakupatsani pomwepo kuti payslip ioneke yonenepa, ena amasunga n'kukhala chete mpaka chaka chitatha. Chotsalacho mukachigawa ndi maola 45 chikubwera pafupifupi £14.50 pa ola. Ndipo apa msonkho wanu, National Insurance yanu ndi penshoni sizinadulidwe.

Ndiye kuti mnzanu amene wavomera £15 pa PAYE, tchuthi chake chili padera, wakuposani, pamene inu mumamuseka kuti wagwa m'mbuna. Ndipo muyerekezenso ndi malipiro otsikitsitsa ovomerezeka, amene mu Epulo 2025 anafika £12.21 pa ola. Munthu wokoka matani 44 usiku pakati pa mvula, amene wawononga masauzande kuti apeze laisensi, pa mitengo ya 2025 kusiyana kwake ndi wopanga masangweji n'kwa mapaundi awiri ndi makobidi. Sindikunyoza wa masangweji, nayenso akuvutika, koma iye akalakwitsa palibe amene amafa.

Kuchokera mu Epulo 2020 ejensi iliyonse imayenera kukupatsani pepala lotchedwa Key Information Document musanavomere chilichonse, losonyeza amene azikulipirani, zimene azidula, ndi chitsanzo cha zimene zizifika m'manja. Ambiri sapereka mpaka mutafunsa. Funsani. Ndipo mukamva wina akunena kuti kwa ife mutenga 85% kapena 90% ya ndalama yonse, thawani. Amachita kukulipirani pang'ono ngati malipiro, yotsalayo n'kuitcha ngongole kapena dzina lina kuti isadulidwe msonkho. HMRC, bungwe lotolera misonkho, ikatulukira, kampaniyo imakhala itatseka kalekale, ndipo kalata ya msonkho wa zaka zonsezo imabwera pakhomo panu. Akuluakulu ena adzakuuzani kuti tsegulani limited company, ife tinkapha nayo makwacha. Zimenezo zinali kale. Malamulo a msonkho otchedwa IR35 atasintha mu Epulo 2021, makampani ambiri akuluakulu anasiya kulandira madalaivala otere.

Chachitatu, maola amene mwakhala pantchito si amene amalipidwa. Malo ambiri amadula mphindi 45 za kupuma pa shifiti iliyonse, kwina ola lathunthu, ngakhale kupumako munakuchitira pamzere wodikira kutsitsa katundu, maso ali pa nyali yofiira. Mashifiti asanu ndi maola atatu ndi mphindi 45 opita pachabe sabata iliyonse. Funsaninso ngati pali maola ochepetsetsa otsimikizika, ambiri amati 8, ndipo akulembereni. Chifukwa lidzafika tsiku loti mwadzuka 2 koloko usiku, mwayendetsa galimoto yanu mtunda wautali pa mafuta anu, mwafika pageti, mlonda n'kuyang'ana pepala lake n'kunena kuti dzina lanu palibe. Mukaimba ku ejensi foni imangolira, ofesi amatsegula 8 koloko. Kapenanso meseji imalowa muli kale pamsewu: shifiti yalephereka, pepani. Popanda cholembedwa, tsiku limenelo simulandira kanthu. Ndipo ndalama za Novembala ndi Disembala zisakupusitseni. Miyezi imeneyo foni imalira mpaka kukwiya nayo, maejensi atatu kulimbirana munthu mmodzi. Ikangodutsa sabata yoyamba ya Januwale kuli zii, mwina mashifiti awiri pa sabata mpaka Isitala. Lendi siidikira, council tax siidikira, akumudzi nawo ndi nthawi ya fizi ndi feteleza wobereketsa. Musalonjeze kumanga nyumba potengera payslip ya Disembala, ndipo galimoto ya ngongole musaitenge mwezi umenewo.

Kulembetsa maejensi awiri kapena atatu n'kwanzeru, koma yang'anani tax code pa payslip iliyonse. Ndalama yosadulidwa msonkho ndi £12,570 pa chaka, kodi yake 1257L, ndipo imakhala pa ntchito imodzi. Kwinako amakuikani pa BR, kudula 20% kuyambira pa paundi yoyamba. Ngati 1257L yakhala ku ejensi imene ikukupatsani shifiti imodzi pa mwezi, mukubwereketsa boma ndalama zanu popanda chiwongoladzanja. Imbani ku HMRC kapena lowani pa app yawo, amasintha.

Pali lamulo limodzi limene maejensi sakonda kuti mulidziwe, Agency Workers Regulations, limene linayamba kugwira ntchito mu Okutobala 2011. Mukagwira masabata 12 pa kampani imodzi, ntchito imodzimodziyo, muyenera kulandira zofanana ndi dalaivala wolembedwa ndi kampaniyo: malipiro a pa ola, ovataimu, ya usiku, masiku a tchuthi. Ngakhale mutagwira tsiku limodzi lokha m'sabatayo, sabatayo yawerengedwa. Ngakhale mutasintha ejensi koma kampani ndi yomweyo, kuwerenga kumapitirira. Chimene chimafufuta zonse ndi kukhala masabata oposa 6 osapitako. Ndiye muzidzaona zodabwitsa: sabata ya 10 kapena 11 ikafika, mwadzidzidzi akuti kumeneko ntchito yachepa, tikutumizani kwina kaye. Lamulo limaletsa kuzemba mwadala kotereku, koma kuti mutsimikize pamafunika kabuku kanu kolembamo tsiku, malo, nambala ya thiraki, nthawi yoyamba ndi yomaliza. Kale ankasainitsa anthu pepala lotaya ufulu umenewu, lotchedwa Swedish derogation. Linathetsedwa mu Epulo 2020, wina akakubweretserani lofanana nalo musasaine. Dziwaninso kuti kufanana kumeneku sikufika pa sick pay ya kampani, penshoni ya kampani, kapena ndalama ya redundancy. Mukathyoka mwendo potsika pa ngolo, chanu ndi Statutory Sick Pay basi, imene mu 2025 inali £118.75 pa sabata.

Za ndalama munthu umatha kuwerengera n'kudziwa pamene waima. Chimene chimandiwawa ine mpaka lero ndi china. Ufike pawindo la ofesi ya transport 4 koloko m'mawa, kunja kukuzizira koopsa. Wa m'katimo amatsegula kagalasi pang'ono, maso ali pa kompyuta, n'kukankha makiyi ndi mapepala. Pa bolodi la kukhoma anzako alembedwa mayina awo, iwe pako alemba "Agency 3". Thiraki imene akupatsa ndi ija aliyense anaikana: mpando wopendekeka, hita yakufa, fungo la fodya, pansi pali mabotolo a munthu wa dzulo amene sufuna kudziwa kuti muli chiyani. Ulendo wake ndi uja eni ake amauthawa, madiropu ambirimbiri m'kati mwa London, timisewu toti ngolo imadutsa mopanikizika, makamera pangodya iliyonse. Pa depoti ina ndinakhalapo nthawi yaitali ndithu, osachedwa, osagunda kanthu. Atalemba dalaivala watsopano wa kampani anamukweza m'thiraki mwanga kuti ndimuonetse njira ndi makhomo otsitsira katundu. Kumapeto kwa chaka anaika pakhoma mayina a oyendetsa bwino, ndi mavocha, ndi phwando. Mnyamata ndinamuphunzitsa uja dzina lake linalipo. Ife a ejensi anatipempha kuti tigwire usiku wa phwandowo kuti eni ake apite. Anatipempha mwaulemu ndithu, ndisaname, koma ngakhale chitumbuwa chotsala sitinachione.

Ndiye muzimva anthu akunena kuti madalaivala akusowa. Mu 2020 tinkayenda ndi makalata onena kuti ndife ofunika kwambiri pamene dziko lonse linali m'nyumba, koma malo ena otsitsira katundu ankatikaniza ngakhale chimbudzi. Mu 2021 bungwe la eni mathiraki la RHA linati pakusowa madalaivala 100,000, boma linatumiza makalata pafupifupi 1 miliyoni kwa anthu okhala ndi laisensi kuwanyengerera kuti abwerere, masitolo akuluakulu n'kumalonjeza £1,000 kapena kuposa kwa wongolowa ntchito. Mashelefu atadzaza, mitengo ya pa ola inayamba kutsika mwakachetechete, ndipo oyamba kuuzidwa kuti khalani kaye kunyumba tinali ife. Anthu a laisensi alipo ambiri. Anachoka chifukwa chogona m'mbali mwa msewu popanda posamba, kudzuka usiku akuba akung'amba tenti ya ngolo kapena kupopa dizilo, ndi kulandira ndalama yosagwirizana ndi moyo wotere. Pa za chimbudzi, dziwani kuti HSE, bungwe la boma loona za chitetezo pantchito, inanena momveka mu 2017 kuti malo amene mukutsitsa kapena kukweza katundu ayenera kukulolani kugwiritsa ntchito chimbudzi ndi posamba m'manja. Kantini ndi poimika galimoto pa kampani imene yakubwerekani ndi ufulu wanu kuyambira tsiku loyamba, simudikira masabata 12. Nenani modekha koma osagwetsa nkhope.

China chachikulu, kaya ndi chachisanu kaya chachisanu ndi chimodzi, ndi tacho. Kumudzi tinazolowera kuti ukalimba mtima umafika, tulo udzagona pa boda. Kuno kachipangizo kaja kamalemba mphindi iliyonse. Kuyendetsa ndi maola 9 pa tsiku, 10 kawiri pa sabata. Ukayendetsa maola anayi ndi theka upume mphindi 45. Pa sabata osapitirira 56, pa masabata awiri osapitirira 90. Kupuma kwa tsiku ndi maola 11, ungachepetse kufika 9 katatu kokha pa sabata, ndipo kwa sabata ndi maola 45. Pamwamba pa izi pali malamulo a nthawi yonse yogwira ntchito, maola 60 pa sabata osapitirira, 48 pa avereji. Zimenezi akuphunzitsani ku CPC. Chimene sakuuzani n'chakuti wa pa ejensi palibe amene akumuwerengera. Ejensi iyi siidziwa zimene mwagwira ku inayo, ndipo kunena zoona siifuna kudziwa. Shifiti ya ku warehouse kapena ya care imene munagwira Lamlungu nayonso ndi ntchito, iyenera kulowetsedwa pamanja mu tacho, ndipo tsiku limenelo silinali lopuma. A DVSA akakuimitsani amayang'ana masiku 28 apitawo, cholakwa chilichonse mpaka £300, zisanu ndi £1,500 pompo. Zikakula nkhani imapita kwa Traffic Commissioner, amene angakuimitseni kuyendetsa thiraki. Ndiye wokonza maulendo akamakuimbirani kuti tangokankhani pang'ono, kwatsala mphindi 20 zokha, muuzeni akutumizireni meseji yonena zimenezo. Sadzatumiza. Khadi lili m'makinamo ndi la dzina lanu, ndipo iye 5 koloko akupita kwawo. Mukagona kunja funsani ya night out, ndalama yogonera kunja, musananyamuke. HMRC imalola mpaka £26.20 osadula msonkho kwa wogona m'thiraki ya bedi, ndipo ena amaiiwala dala pa payslip.

Musanatulutse thiraki pageti, zungulirani ndi foni m'manja. Jambulani mbali zonse, matayala, magalasi, masitepe, ngodya za ngolo, tenti, ndi nambala yake, ngakhale kuli mdima ndipo akukufulumizitsani. Chilichonse chophwanyika chilembeni pa defect sheet wina asaine. Wa ejensi ndiye amasenza milandu ya depoti yonse, chifukwa mawa kulibe woti adziyankhire. Ine anandidulapo mapaundi mazana angapo, ati ndinaphwanya chitseko chakumbuyo kwa ngolo. Ndinali ndi chithunzi cha m'mawa wa tsikulo, nthawi ikuoneka pakona, chitsekocho chili chopindika kale, dzimbiri lili psuu pamene chinapindikira. Ndinatumiza ku ejensi, ndalama inabwera patapita masabata, popanda ngakhale pepani. Koma kuchokera tsiku limenelo depoti imeneyo sinandiitanenso. Palibe anandichotsa ntchito, palibe kalata, foni inangosiya kulira. Ndi mmene amalangira wa ejensi, ndipo n'chifukwa chake ndikuti musadalire khomo limodzi. Lamulo limati sangadule malipiro anu pokhapokha zili mu kontirakiti kapena munavomera polemba zisanachitike. Ndiye kamzere konena za insurance excess, ndalama imene angakuduleni thiraki ikawonongeka, kamene kali pa tsamba lachisanu ndi chiwiri, kawerengeni musanasaine pa foni ndi chala.

Milatho. Ngolo ya lero si ya dzulo, yesani kutalika kwake nthawi iliyonse n'kusintha kachikwangwani ka m'kabu. Mlatho wosakwana mafiti 16 ndi mainchesi 6 umakhala ndi chizindikiro, ndipo Google Maps ya pa foni siidziwa kuti muli pa thiraki. Gulani sat nav ya mathiraki ndi ndalama yanu yoyamba. Mukagunda mlatho wa njanji sitima zimaima, apolisi amabwera, eni njanji a Network Rail amafuna ndalama zawo, ndipo ejensi imene inkakutchulani kuti bwanawe dzulo imakufufutani lisanalowe dzuwa.

Timesheet muzisainitsa musanachoke pamalopo, n'kuijambula. Koma dziwaninso kuti malamulo a 2003 oyendetsera maejensi salola kuti akumaneni malipiro a maola amene mwagwiradi ponena kuti kampani sinawalipire, kapena kuti pepala silinasainidwe. Ndalama ikaperewera lembani imelo tsiku lomwelo, osati kuimba foni, chifukwa mawu a pa foni amawakana. Zikakanika imbani ku ACAS, bungwe lothandiza pa mikangano ya pantchito, ndi zaulere, ndipo musazengereze: nthawi yokasuma ku employment tribunal ndi yaifupi, kwa zaka zambiri yakhala miyezi itatu yokha, ndipo maejensi ena amadziwa kukuzengerezani ndi "tikuziona" mpaka itadutsa. Lowaninso yuniyoni. Wa pa ejensi amaloledwa, kaya ku Unite, kaya ku URTU imene ndi ya madalaivala, kaya ku GMB. Lowani zinthu zili bwino, chifukwa ambiri sathandiza pa mlandu umene unayamba musanakhale membala. Amalawife timakonda kupirira n'kumati tisaoneke ovuta m'dziko la eni, koma £30 yosowa sabata iliyonse pa chaka ndi ndalama yoposa £1,500.

Pomaliza pake cholinga chikhale kutuluka. Miyezi ikamapita sungani mapayslip onse ndi mapepala a tacho, ndiwo umboni wa zaka ziwiri zija. Mukapeza depoti imene anthu ake ndi abwinoko, fikani msanga, bwezani thiraki yoyera, dziwani dzina la transport manager. Mukafunsa zolembedwa ntchito, ejensi idzakuopsezani kuti simungathe, pali ndalama yoti ilipidwe. Ndalamayo ilipo koma si yanu, amalipira ndi kampani, ndipo ili ndi malire: ingafunsidwe pokhapokha mwalembedwa m'kati mwa masabata 8 chichokereni pamalopo, kapena masabata 14 chiyambireni, kutengera imene ikuthera mochedwa. Ejensi iyeneranso kupatsa kampaniyo mwayi wokusungani pa ejensi kwa nthawi yogwirizana, kenako n'kukutengani popanda kulipira kanthu. Malipiro a pa ola a wolembedwa nthawi zina amaoneka otsikirapo kuposa a pa chilengezo cha ejensi, koma muwawerengere pa masabata 52, ndi tchuthi, ndi CPC yolipiriridwa. Nkhaniyi muikambe ndi manijala mwachindunji, mu Seputembala kapena Okutobala pamene akusowa anthu. Mu Januwale sadzakutsegulirani ngakhale kagalasi.